Makolo anga amangoti ali bwino: ndidziwa bwanji kuti akufunika thandizo pakhomo?

Funso: Amayi ali ndi zaka 76, abambo 81, ndipo akukhala awiriwiri chifukwa ana tonse tinachoka pakhomo. Ndikaimba foni amangoti zonse zili bwino. Koma nditapita kukawaona mwezi wathawu ndinapeza amayi ataonda, mphika wina utapserera mpaka kuda bii, ndipo abambo akamadzuka pampando amayamba agwira kaye tebulo. Nditafunsa anandikalipira kuti iwo si ana. Kodi umenewu ndi ukalamba chabe, kapena nthawi yakwana yoti tiwapezere thandizo? Nanga ndiziyang'ana chiyani?

Yankho: Zaka pazokha sizitiuza zambiri. Alipo a zaka 85 amene amadzichitira zonse, aliponso a zaka 68 amene sangathe kusamba okha. Choyezera chenicheni ndi kusintha: zimene makolo anu ankachita bwinobwino miyezi 6 kapena 12 yapitayo koma lero akuzichita movutikira, kapena azisiya mwakachetechete n'kupeza chonamizira. Funso lina, lofunika kuposa limeneli, ndi lakuti kusinthako kwabwera mofulumira bwanji. Zimene mwatchulazi, kuonda, mphika wopserera ndi kudzuka mogwirira, chilichonse pachokha sichitsimikizira kanthu. Koma zitatu pamodzi n'zokwanira kuti muchitepo kanthu mwezi uno, osadikira ulendo wa chaka chamawa.

Ndiyambe ndi zimene sizidikira, chifukwa mabanja ambiri amalakwitsa pamenepa. Ngati amayi kapena abambo dzulo ankalankhula bwinobwino koma lero asokonezeka, sakudziwa kumene ali, akungosinza tsiku lonse kapena akuona zinthu zomwe palibe, sanakalambe usiku umodzi. Akudwala. Madokotala amalitchula vutoli kuti delirium, ndipo limadziwika ndi kuyamba m'maola kapena masiku ochepa, komanso kusinthasintha: m'mawa munthu ali bwinoko, madzulo wasokonezekanso. Kawirikawiri gwero lake limakhala chibayo, matenda a m'njira ya mkodzo, kuchepa kwa madzi m'thupi, shuga wotsika, kudzimbidwa kwa masiku angapo, mkodzo wokanika kutuluka, kapena mankhwala amene angoyamba kumwa. Musadikire kuti thupi litenthe, chifukwa munthu wachikulire akhoza kukhala ndi chibayo chachikulu thupi lisakutentha n'komwe. Apite kuchipatala tsiku lomwelo.

N'chimodzimodzi ndi pakamwa pokhota, mkono kapena mwendo wa mbali imodzi wofooka mwadzidzidzi, kapena mawu otuluka mokoka. Zimenezi ndi zizindikiro za sitiroko. Mankhwala osungunula magazi oundana kawirikawiri amaperekedwa m'maola 4 ndi theka oyambirira okha, choncho lembani nthawi imene munawaona komaliza ali bwino. Ngakhale zizindikirozo zitatha zokha pakapita mphindi zochepa, apitebe, chifukwa kawirikawiri limakhala chenjezo la sitiroko yaikulu. Akagwa n'kulephera kupondetsa mwendo, makamaka mwendowo ukaoneka wamfupi ndipo phazi litapendekera kunja, ganizirani kuti fupa la m'chiuno lathyoka, ndipo musawakakamize kuimirira. Akamenyetsa mutu, ayang'anireni kwa milungu ingapo. Mwa achikulire magazi amatha kudontha pang'onopang'ono m'kati mwa chigaza, mutu n'kudzayamba kupweteka, tulo kuchuluka ndi mayendedwe kusintha patapita milungu. Amene amamwa mankhwala ochepetsa kuundana kwa magazi monga warfarin aonedwe ndi dokotala tsiku lomwe agwalo, ngakhale akuoneka kuti ali bwino.

Zina zonse zimabwera pang'onopang'ono, ndipo zimenezo foni siingakuuzeni. Moni ndi kufunsana za adzukulu ndi njira imene lilime linaizolowera kwa zaka zambiri, moti ngakhale munthu amene wayamba kuiwala kwambiri amatha kucheza mphindi 10 popanda chokayikitsa. Komanso makolo amabisa mwadala. Amaopa kukulemetsani, amaopa kuchotsedwa pakhomo pawo, amaopa kulandidwa ulamuliro pa ndalama zawo. Mukafunsa kuti "mwadya?" yankho lidzakhala "eya" nthawi zonse. Funsani kuti adya chiyani masana, waphika ndani, anatuluka liti komaliza ndipo anakumana ndi yani. Yankho losalunjika, lobwerezabwereza pa mafunso ngati amenewa lili ndi tanthauzo.

Njira yodalirika ndi kukagonako masiku 2 kapena 3. Koma pali cholakwika chimene ana ambiri amachita chifukwa cha chikondi: amangofika n'kulanda ntchito zonse, kuphika, kusesa, kuchapa, makolo atangokhala pansi. Akamabwerera amakhala asanaone chilichonse. Tsiku loyamba lolani kuti pakhomo payende monga pamayendera inu kulibe. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Onani mmene abambo amadzukira pabedi m'mawa, nthawi imene amatenga povala, kangati amapita kuchimbudzi usiku ndipo amayenda bwanji mumdima. Onani amayi akuphika kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Madzulo ndi usiku ndi pamene mavuto ambiri amaonekera. Cheziraninso oyandikana nawo nyumba, chifukwa iwo amaona tsiku lililonse ndipo nthawi zambiri amakhala akudikira kuti wina wa m'banja awafunse.

Odziwa za umoyo wa achikulire amagawa ntchito za tsiku ndi tsiku m'magulu awiri. Gulu loyamba, limene Lawton ndi Brody analilemba mu 1969, ndi ntchito zoyendetsera pakhomo: kugwiritsa ntchito foni, kugula zinthu, kuphika, kusamalira nyumba, kuchapa, kuyenda ulendo, kumwa mankhwala moyenera ndi kusunga ndalama. Gulu lachiwiri, la Sidney Katz la mu 1963, ndi zosamalira thupi lenilenilo: kusamba, kuvala, kupita kuchimbudzi, kudzuka pabedi kapena pampando, kudzigwira mkodzo ndi chimbudzi, ndi kudzidyetsa. Kawirikawiri za gulu loyamba ndizo zimayamba kuvuta, makamaka ndalama ndi mankhwala, chifukwa zimafuna kukumbukira ndi kulinganiza zinthu zingapo nthawi imodzi. Pa gulu lachiwiri, kusamba ndiko kumayamba kuvuta ndipo kudzidyetsa kumakhala komaliza. Kugawa kumeneku kumakuuzani kukula kwa thandizo lofunika. Munthu amene zamuvuta ndi za gulu loyamba zokha akhoza kukhalabe pakhomo pake ndi womuthandiza masiku angapo pa mlungu. Wolephera za gulu lachiwiri amafunika munthu tsiku lililonse. Poyerekezera, gwiritsani ntchito zimene munthuyo ankachita kale: ngati abambo sanaphikepo chibadwire, kusaphika kwawo lero si chizindikiro.

Tibwere pa kuonda kwa amayi, kumene ine ndikukuona kuti n'kofunika kuposa zina ziwirizo. Kuonda popanda kufuna si mbali ya ukalamba wabwinobwino. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati wachikulire akataya makilogalamu oposa 3 m'miyezi 3, kapena akasiya kulakalaka chakudya, afufuzidwe. Madokotala ambiri amagwiritsanso ntchito muyezo wa magawo 5 pa 100 a kulemera kwa thupi m'miyezi 6 mpaka 12, kutanthauza makilogalamu 3 kwa munthu wolemera 60. Apimeni kamodzi pamwezi, pa sikelo yomweyomweyo, m'mawa, atavala zofanana, ndipo lembani. Popanda sikelo, zovala zimanena: lamba wobooledwa bowo latsopano, mphete yovuka yokha, diresi lolendewera m'mapewa.

Chifukwa chake chikhoza kukhala chapafupi kwambiri. Dzino likupweteka, mano oikirira akhwepa n'kumatupitsa nkhama, kapena akutsamwa akamamwa madzi ndiye akudya mwamantha. Mwina kukagula chakudya kwayamba kuvuta, kapena kuima nthawi yaitali pophika kukuwawitsa msana moti akungodya zosavuta kukonza. Koma kukhozanso kukhala shuga, chifuwa chachikulu, vuto la chithokomiro, khansa, kuvutika maganizo kapena kuiwala kudya. N'chifukwa chake yankho la kuonda si kungotumiza chakudya chambiri. Choyamba adziwike kuti aonda chifukwa chiyani. Yang'anani m'malo osungira chakudya: ngati muli zakudya zowola zimene sanazitaye, kapena chinthu chimodzi chogulidwa kambirimbiri pamene zina zofunika mulibe, nkhani ikupendekera ku kukumbukira. Ngati muli mbee, nkhani ndi ya ndalama, mayendedwe kapena mphamvu. Pa madzi, dziwani kuti ludzu limachepa munthu akamakula, choncho wachikulire akhoza kuuma m'thupi asakumva ludzu. Mkodzo wochepa, wachikasu kwambiri, ndi pakamwa pouma ndi zizindikiro zake.

Kudzuka kwa abambo mogwira tebulo kukusonyeza kuti minofu ya m'ntchafu yayamba kufooka, kapena mawondo akupweteka, kapena amamva chizungulire akaimirira. Mukhoza kuyeza nokha. Ikani mpando wolimba, wosatsetsereka, utatsamira khoma. Akhale pansi, apinde manja pachifuwa, kenako adzuke n'kukhalanso maulendo 5 motsatizana osagwira paliponse, inu mutaima pafupi. Malinga ndi muyezo wa WHO, wolephera kumaliza m'masekondi 14 akufunika kuunikidwa. Kuyeza kwina ndi kwa kuyenda: adzuke pampando, ayende mamita 3 monga amayendera masiku onse, atembenuke, abwerere n'kukhala. Masekondi 12 kapena kuposerapo akusonyeza kuti ngozi ya kugwa ndi yaikulu. Akamva chizungulire kapena kupweteka, lekani pomwepo.

Ngati muli ndi makina oyezera BP, apimeni atagona kwa mphindi 5, kenako aimirire, muwapimenso pakatha mphindi 1 ndi pakatha mphindi 3. Nambala ya pamwamba ikatsika ndi 20 kapena kuposa, kapena ya pansi ikatsika ndi 10, ndiye kuti magazi sakufika mokwanira kumutu akaimirira. Kawirikawiri amachititsa ndi mankhwala a BP omwewo, mankhwala okodzetsa, mankhwala ena a prostate (kachiwalo ka amuna kamene kali pansi pa chikhodzodzo), kapena kuchepa kwa madzi. Ndi vuto lokonzeka, koma wosintha mlingo wa mankhwala akhale dokotala.

Kugwa sikuyenera kutengedwa mopepuka. WHO imati pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu a zaka 65 kupita m'tsogolo amagwa chaka chilichonse, ndipo amene wagwa kamodzi amakhala pangozi yogwanso. Ambiri sanena. Mudzaona mikwingwirima m'manja ndi m'mawondo yosafotokozeka bwino, zidindo za manja m'makoma pamene amagwira akamayenda, kapena mudzamva kuti asiya kupita kumalo kumene ankakonda. Mantha a kugwa amabala vuto lina: munthu amasiya kuyenda, minofu imafookeratu, ndiye amagwa ndithu. Funsani mosazungulira ngati anagwapo chaka chino, ndipo ngati anagwa, anadzuka okha kapena anakhala pansi nthawi yaitali bwanji. Wogona pansi koposa ola limodzi osatha kudzuka kapena kuitana munthu watiuza kale kuti mmene akukhalira si motetezeka.

Mankhwala ndi malo amene choonadi chimawerengeka ndi manja. Tengani mapaketi onse, onani tsiku limene analandira ndi chiwerengero chake. Mapiritsi 30 omwa limodzi patsiku, olandiridwa masiku 20 apitawo, ayenera kutsala 10. Akatsala 22, akudumphitsa. Akatsala 2, akumwa kawiri chifukwa choiwala kuti amwa kale, ndipo pa mankhwala a shuga, a BP kapena a mtima zimenezi n'zoopsa. Yang'ananinso ngati mankhwala amodzi alipo m'mapaketi awiri a mayina osiyana ochokera kuzipatala ziwiri, chifukwa ambiri amamwa onse awiri poganiza kuti ndi osiyana. Munthu akamamwa mitundu 5 kapena kuposerapo, mwayi woti ina ikulimbana umakula. Ena amene amavutitsa kwambiri achikulire ndi ogonetsa monga diazepam, komanso amitriptyline ndi chlorpheniramine, amene amabweretsa chizungulire, kusokonezeka ndi kudzimbidwa. Mankhwala a shuga otchedwa glibenclamide amatha kutsitsa shuga mopitirira, makamaka kwa munthu amene akudya pang'ono. Ibuprofen ndi diclofenac akamwedwa tsiku ndi tsiku chifukwa cha mawondo amawononga impso ndi kuyambitsa zilonda za m'mimba. Musawaletse nokha, chifukwa ena akasiyidwa mwadzidzidzi amadwalitsa. Aikeni onse m'thumba limodzi, pamodzi ndi ogula okha ndi azitsamba, mukawaonetse dokotala.

Mphika wopserera umodzi si matenda oiwala. Aliyense anapserezapo mphika. Mwina amayi anasinza chifukwa chosagona usiku, mwina mphuno zasiya kumva fungo bwino, mwina anaitanidwa kuti akathandize abambo. Funso ndi lakuti zachitika kangati, ndipo iwo akukumbukira kuti zinachitika. Kuiwala kwa ukalamba wamba ndi kotere: dzina lathawa koma likubwera pakapita kanthawi, kiyi wasowa koma munthu akutha kubwerera m'mbuyo m'maganizo mpaka kumupeza. Kodetsa nkhawa ndi kufunsa funso lomwelo kangapo m'ola limodzi osadziwa kuti wafunsa kale, kusochera m'njira imene wayendamo zaka zambiri, kulephera kutsata ndondomeko ya chakudya chimene wakhala akuphika moyo wake wonse, kusokonezeka powerenga chenji, kuika zinthu pamalo odabwitsa kenako n'kumanena kuti wina waba, kapena kusintha khalidwe, wofatsa kusanduka waukali. Kukumbukira bwino za kalekale sikutsutsa zimenezi, chifukwa matenda a Alzheimer, amene ndiwo gwero la vutoli mwa anthu 60 mpaka 70 pa 100 alionse odwala matenda oiwala otchedwa dementia, amayamba kuwononga zokumbukira zatsopano, zakale n'kutsala. Wodwalayo nthawi zambiri saona vuto lake. Sikuti ndi makani, ndi mbali ya matendawo.

Musawakhazike pansi n'kumawafunsa tsiku ndi chaka ngati mayeso a kusukulu. Mudzawachititsa manyazi ndipo adzatseka pakamwa. Lembani zimene mwaona, ndi masiku ake, kuyezako mukusiyire achipatala. Chifukwa chachikulu chopitira msanga n'chakuti pali zinthu zochizika zimene zimaoneka ngati dementia: kuchepa kwa vitamini B12, chithokomiro chogwira ntchito mofooka, mankhwala ndatchula aja, kuvutika maganizo, ndi kusamva. Ndalama muziyang'anenso. Ngongole za magetsi kapena madzi zosalipidwa kwa munthu amene sankachedwa, ndalama zosadziwika kumene zapita, kapena "mnzawo" watsopano amene amangopempha, kawirikawiri zimaoneka zizindikiro zina zisanaoneke.

Makutu ndi maso amaiwalika kwambiri, chonsecho ndiwo osavuta kuthandiza. Munthu wosamva bwino amayankha zosemphana, amasiya kucheza pagulu, ndipo abale amaganiza kuti mutu wasokonekera. Imani kumbuyo kwawo pamtunda wa mkono umodzi, atseke khutu limodzi, munong'oneze mawu wamba angapo kuti abwereze, kenako khutu linalo. Nthawi zina vuto limangokhala litsiro louma limene latseka khutu, lomwe achipatala amachotsa mosavuta. Musatokosemo ndi kamtengo. Ng'ala ndiyo imachititsa khungu anthu ambiri padziko lonse, ndipo opaleshoni yake ndi yaifupi ndipo imabwezeretsa kuona. Nyumba yauve ya mayi amene anali waukhondo nthawi zina imangotanthauza kuti fumbilo sakuliona.

Kuvutika maganizo kwa achikulire sikuonekera m'misozi kawirikawiri. Kumaonekera m'kusiya zinthu: wailesi sikutsegulidwanso, alendo sakufunidwa, kusamba kwachepa, chakudya sichikoma, thupi likungopweteka paliponse. Afunseni modekha ngati m'milungu 2 yapitayi akhala akumva kutaya mtima, kapena ngati zimene ankazikonda zasiya kuwasangalatsa. Kumachitika kwambiri pambuyo pa imfa ya mnzawo wapamtima, kapena matenda aakulu. Kumachizika pa msinkhu uliwonse. Mawu onena kuti kuli bwino kungofa musawaseke kapena kuwadzudzula. Amvetsereni, ndipo muwauze achipatala.

Nkhani ya mkodzo ndi imene makolo sangauze mwana wawo, ndiye muyenera kuizindikira nokha mwaulemu: fungo m'chipinda kapena pampando, zovala zobisidwa, zofunda zochapidwa pafupipafupi, kukana kumwa madzi madzulo, kukana maulendo. Kwa abambo, kudzuka kambirimbiri usiku ndi mkodzo wotuluka mofooka kawirikawiri ndi prostate yotupa. Si chinthu chongopirira, chili ndi chithandizo. Ndipo chimalumikizana ndi kugwa, chifukwa ngozi zambiri zimachitika munthu akuthamangira kuchimbudzi mumdima, tulo tili m'maso.

Pali chinthu china m'funso lanu chimene ndikufuna muchiganizire bwino. Makolo akakhala awiri amaphimbirana. Wina amakhala miyendo, wina amakhala mutu: mmodzi akukumbukira mankhwala, mnzake akunyamula zolemera. Kuchokera kunja pakhomo pamaoneka kuti pali bwino mpaka tsiku limene mmodzi wadwala, ndiye zonse zimagwa nthawi imodzi. N'kutheka kuti amayi aonda chifukwa ndiwo akudwazika abambo mwakachetechete, kuwadzutsa, kuwaperekeza usiku, kuwasambitsa, iwo osagona ndi kudya mokwanira. Onani amene amayankha mafunso ofunsidwa kwa mnzake. Chezani ndi aliyense payekha. Ndipo dzifunseni kuti, mmodzi atagonekedwa m'chipatala mlungu wathunthu, wotsalayo angathe kukhala yekha? Yankho likakhala ayi, thandizo likufunika kale.

Choyamba kuchita ndi kupita nawo kuchipatala onse awiri, osati chifukwa cha matenda amodzi koma kuti aunikidwe thupi lonse. Tengani thumba la mankhwala lija ndi pepala la zimene mwaona, lolembedwa mwachindunji: "agwa kawiri kuyambira mwezi wakuti", osati "akufooka". Pemphani kuti awapime kulemera, BP atagona ndi ataimirira, shuga, kuchuluka kwa magazi, impso, maso, makutu, m'kamwa, mapazi ngati ali ndi shuga, ndi kukumbukira. Ngati pali zimene simungathe kunena iwo akumva, perekani pepalalo kwa dokotala kapena namwino musanalowe.

Chachiwiri ndi nyumba. Chotsani timakapeti toterereka ndi zingwe zodutsa panjira. Kuyambira pabedi mpaka kuchimbudzi pakhale kuwala, ndipo nyali kapena tochi ikhale pofikira dzanja asanadzuke. Ngati chimbudzi chili patali, usiku pakhale mpando wachimbudzi kapena chotengera pafupi ndi bedi. Mosambira muikemo mpando wolimba ndi chogwirira chokhomeredwa ndithu m'khoma, osati chopachikira thaulo, chimene chimazuka munthu akachitsamira. Mpando wokhalira masana ukhale wolimba, wokhala ndi mogwira manja, wotalika moti mapazi aponda pansi ndipo chiuno sichitsika kuposa mawondo. Sofa yofewa, yotsika, ndi msampha kwa munthu wa miyendo yofooka. Nsapato zikhale zogwira chidendene. Ndodo yoyenera imafika pamene timavala wotchi munthu ataimirira manja ali m'mbali, ndipo imagwiridwa ndi dzanja la mbali yosapweteka, osati mbali ya mwendo wodwalawo. Zinthu zogwiritsa ntchito tsiku lililonse zitsike pa mashelefu apamwamba. Foni ikhale m'thumba kapena pamalo oti munthu ali pansi akhoza kuifikira, ndipo munthu mmodzi wodalirika wapafupi akhale ndi kiyi wa nyumba.

Pa thandizo la munthu, perekani lolingana ndi mpata umene ulipo, osapitirira. Kuchitira wachikulire chilichonse kumamufooketsa msanga, chifukwa minofu ndi luso zosagwiritsidwa ntchito zimatha, ndipo kwa munthu wa zaka 80 masiku ochepa ogona pabedi amachotsa mphamvu zimene zimatenga milungu kubwerera. Ngati chavuta ndi kuchapa ndi kugula zinthu, pezani wochita zimenezo, kuphika kutsale m'manja mwa amayi, wina ali pafupi. Ngati ndi mankhwala, kabokosi ka zipinda za masiku 7 kodzazidwa ndi munthu mmodzi mlungu uliwonse kamathandiza amene amangosokoneza, koma amene sakudziwanso kuti lero ndi lachingati amafunika munthu wowapatsa m'manja. Abambo apitirize kuyenda tsiku lililonse, ndipo kudzuka n'kukhala pampando kuja, kobwerezedwa kangapo patsiku pamalo otetezeka, ndi masewera olimbitsa ntchafu. Zakudya zomanga thupi monga mazira, mkaka, nsomba ndi nyemba zisasowe, pokhapokha ngati dokotala waletsa chifukwa cha impso.

Pali malire amene akadutsidwa munthu sayeneranso kugona yekha kapena kutsala yekha nthawi yaitali: akasochera ngakhale kamodzi, akamasiya moto kapena gasi mobwerezabwereza, akamalephera kuchoka pabedi kupita kuchimbudzi popanda womugwira, akamalephera kuitana thandizo, kapena akamatsegulira aliyense chitseko usiku. Apo m'pofunika munthu wogona pomwepo kapena kusamuka. Kusamutsa musakuthamangire ngati njira yoyamba. Munthu woiwala amadalira kwambiri nyumba imene anaizolowera, ndipo pamalo atsopano amasokonezeka kwambiri, makamaka m'milungu yoyambirira. Mukalemba ntchito wowasamalira, fufuzani kumene anagwirako kale, lembani ntchito zake momveka, mupatseni masiku opuma, ndipo muzifika nthawi zina mosayembekezeka. WHO imati pafupifupi munthu mmodzi mwa 6 a zaka 60 kupita m'tsogolo amachitiridwa nkhanza ya mtundu wina pachaka, ndipo ochita nkhanzawo nthawi zambiri amakhala anthu apafupi, ena chifukwa chotopa. Kholo likayamba kuchita mantha kapena kukhala chete munthu wina akalowa, funsani muli awiri.

Kukalipa kwawo kuja kumvetseni. Munthu amene anakusambitsani ndi kukuphunzitsani kuyenda akamva mwana wake akumuwerengera zolephera, amamva kuti ulemu wake ukuchotsedwa. Musapite gulu ngati mukukazenga mlandu. Alankhule mmodzi, amene iwo amamumvera, pa nthawi yabata, ndipo atchule chinthu chimodzi chokha: "Amayi, ndaona kuti zovala zikukukulirani, ndipo mtima wanga sukukhazikika. Tiyeni tikapimitse kuti ine ndigone tulo." Makolo ambiri amavomera kuchitira mwana wawo zimene sangavomere kudzichitira okha. Afunseni kuti ntchito imene ikuwatopetsa kwambiri ndi iti, muyambire pamenepo ngakhale inu mukuona kuti yofunika ndi ina. Wothandiza mumubweretse ngati woyeserera kwa mwezi umodzi, ndipo iwo akhale nawo posankha. Ana inunso gawanani ntchito polemba, wakuti ndalama, wakuti kuchipatala, wakuti kuimba foni masiku akuti, chifukwa popanda kutero katundu yense amagwera amene ali pafupi, mpaka naye adwale.

Akakanabe, ndipo mutu wawo ukugwira bwino, ali ndi ufulu wosankha, ngakhale kusankha kumene inu simukugwirizana nako. Chitani zimene alola, monga nyali ya usiku, chogwirira mosambira ndi kiyi kwa woyandikana nawo, kenako mubwererenso pakatha milungu 4 mpaka 6 ndi sikelo yomwe ija, muwerengenso mapiritsi, muyezenso kudzuka pampando. Amayi akapezeka kuti atsikanso, kapena wina akagwa m'kati mwa nthawiyi, ulendo wa kuchipatala usazengerezedwenso, ndipo ngati kukana kwawo kukuoneka kuti kukuchokera m'kusamvetsa ngozi imene alimo, muuzeni dokotala zimenezo kuti ayezenso ngati akutha kudzisankhira pa nkhani imeneyi.